Crystal yolembedwa 10 MHz siipereka 10 MHz paliponse

Anthu ambiri okonza zamagetsi amakhulupirira kuti nambala yolembedwa pa crystal (kachipangizo ka quartz kamene kamakhazikitsa frequency, kutanthauza kuchuluka kwa kunjenjemera pa sekondi) ndiyo imatuluka mu circuit iliyonse. Si zoona. Pa ma crystal ambiri, nambalayo imakwana pokhapokha crystal ikapeza load capacitance (capacitance ya circuit imene yalumikizidwako) imene inayesedwera ku fakitale, kawirikawiri 18 pF kapena 20 pF.

Mu oscillator (circuit yopanga frequency) ya comparator (chip yofananitsa ma voltage awiri) ngati LT1016, crystal imalumikizidwa kuchokera ku output kupita ku input ya +, ndipo pamenepo imanjenjemera pa series resonance, frequency yake yokha yopanda load capacitance. Mukaikapo yopangidwira 18 pF, frequency imatsika ndi gawo la Cm ÷ 2(C0 + CL), pamene Cm ndi C0 ndi ma capacitance a crystal yeniyeniyo ndipo CL ndi load capacitance ija. Tinene kuti Cm ndi 20 fF, C0 ndi 5 pF: mupeza 435 ppm (magawo 435 pa miliyoni), kutanthauza kuti yaperewera ndi 4.3 kHz. Wotchi yoyendera pamenepo imatsalira pafupifupi masekondi 38 tsiku lililonse.

Crystalyo ndi yabwinobwino, musaitaye. Gulani yopangidwira series resonance, apo ayi ikani capacitor ya 18 pF motsatizana nayo (mu series). Trimmer (capacitor yosinthika) ndiye yabwino koposa, chifukwa mumaipotokola pang'onopang'ono mukuyang'ana frequency counter. Poyeza, gwirani ku output. Probe ya oscilloscope ikakhudza mwendo wa crystal, capacitance yake imasuntha frequency, nthawi zina n'kuizimitsa kumene.