Chimanga chachuku si cha galu, chimaononga chiwindi

Pali chizolowezi m'makomo mwathumu, chimanga chikachita chuku kapena madeya akanyowa nkuyamba kununkha timati aaa musataye, tiziphikira agalu. Ife a vetenale tikamva zimenezi mtima umagunda, chifukwa chuku chija chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin ndipo galu sapirira naye olo pang'ono, amapita kukaononga chiwindi. Mtedza wowola ndi chimodzimodzi. Musaganize kuti mukaphika phala mpaka kubwata ndiye kuti poizoniyo wafa, ayi, moto wa pa mbaula sumutha. Zakudya za agalu zogula m'matumba zija nazonso si kuti nzoyera nthawi zonse, mu 2011 ku Gauteng ku South Africa agalu oposa 200 anafa ndi chakudya chogula chomwe chinali ndi aflatoxin.

Chovuta ndi chiwindi nchoti chimagwirabe ntchito ngakhale mbali yaikulu itaonongeka, ndiye pomwe mwiniwake akuzindikira kuti galu akudwala zinthu zimakhala zitafika kale patali. Amayamba ndi kukana chakudya, kugonagona, kusanza, kenako mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, mimba nkutupa ndi madzi, ena chimbudzi chimatuluka chakuda kapena chamagazi poti chiwindi ndi chimene chimathandiza kuti magazi aziundana. Kwezani mlomo wa galuyo muone nkhama, muone choyera cha m'maso ndi mkati mwa khutu, zikakhala zachikasu musadikirenso mawa.

Komatu chikasu chokha sichitiuza kuti vuto ndi chiyani. Matenda a nkhupakupa amabweretsanso chikasu, leptospirosis wochokera ku mkodzo wa makoswe naye, palinso kavairasi ka hepatitis (kutupa kwa chiwindi) ya agalu komwe katemera wa 5-in-1 uja amateteza. Nchifukwa chake timayeza kaye magazi tisanabaye jekeseni, mankhwala ake ngosiyana.

Za amphaka, chonde chonde Panado ayi. Thupi la mphaka silitha kuchotsa paracetamol, mankhwala amene ali mu Panado, ndipo piritsi limodzi lokha limatha kumupha. Komanso mphaka wonenepa akasiya kudya masiku angapo mafuta amadzaza m'chiwindi, ndiye zoti "adya akamva njala" pa mphaka sizigwira.

Aflatoxin alibe mankhwala omuchotsa m'thupi, timangoika dripi, vitamini K ndi mankhwala othandizira chiwindi, ena amachira ena ayi. Pobwera naye ku chipatala mutengeko ufa kapena madeya omwe mwakhala mukumuphikira tiwaone, ndipo agalu otsala kunyumba asiyiretu kudya za m'thumba limenelo.