Park Station: depoti imene inamera pamwamba pa njanji

Mukafunsa Mmalawi amene anapitako ku Joni kuti Park Station n'chiyani, akuuzani kuti ndi depoti. Sakunama. Ndi pamene basi yochokera ku Blantyre imakatsitsa anthu, miyendo itatupa, itadutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Koma kunsi kwa simenti imene amatulapo zikwamayo kuli njanji, ndipo njanjizo ndi zimene zinabala malowo.

Golide atapezeka mu 1886, migodi inkafuna malasha. Mu 1890 anayala kanjanji kochokera ku Boksburg kotchedwa Rand Tram, ndipo sitima inkaima pakachisakasa kena kamene ankakatcha Park Halt. Patangopita zaka ziwiri njanji yochokera ku Cape inafika, kachisakasa kaja n'kuchepa. Nyumba yasiteshoni yazitsulo ndi magalasi ya mu 1897 inachita kubwera zidutswazidutswa kuchokera ku Netherlands. Ilipobe mpaka lero, koma anaiphwasula n'kuisamutsa. Yaima yokhayokha ku Newtown, ndipo mukamawoloka mlatho wa Nelson Mandela imaoneka bwinobwino.

Siteshoniyi inameza ngakhale bwalo lamasewera. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, boma linatenga bwalo lakale la Wanderers kuti likulitse malo. Chatsala ndi dzina la msewu basi. Pokulitsapo anakumba n'kutsitsa njanji, n'chifukwa chake wokwera sitima amatsika masitepe pamene mabasi ali pamtunda. Nthawi yatsankho, akuda ndi azungu ankalowera makomo osiyana.

Ife a ntchito yanjanji chimatisangalatsa ndi china. Pamalo amodzimodziwa pali njanji zamitundu iwiri zimene sizingabwerekane sitima. Za Metrorail, sitima wamba zonyamula anthu zopita ku Soweto ndi Pretoria, zitsulo zake n'zotalikirana mamilimita 1,067, chimodzimodzi njanji yathu ya ku Limbe ndi Salima. Njanji ya sitima yothamanga yotchedwa Gautrain, imene inafika pa Park mu 2012 kudzera pansi panthaka, ndi ya mamilimita 1,435. Ili ndi khomo lakelake, khadi lakelake, mtengonso ndi wina. Ambiri amaona ngati kunali kudzimva chabe, koma ine ndimati anaganiza bwino: njanji yotambalala imalola sitima kuthamanga osagwedezeka.

Chimodzi chokha chimasokoneza alendo. Gautrain yochokera pa Park sifika ku bwalo la ndege la OR Tambo. Muyenera kutsika pa Sandton n'kukwera ina, ndiye ngati muli ndi katundu wa ku Joni uja wofuna anthu awiri pomunyamula, nyamukani nthawi ikadalipo.