Kuyanjana si kungoti "zakale zapita"

Amalawi ambiri kuno ku Johannesburg amaganiza kuti komiti ya TRC (ya Choonadi ndi Kuyanjana, yofufuza nkhanza za nthawi ya tsankho la apartheid), yomwe ankatsogolera Desmond Tutu kuyambira 1996, inakhululukira aliyense. Si zoona. Mwa anthu opitirira 7,000 omwe anapempha chikhululukiro, ochipeza anali ochepa chabe.

Wopempha ankayenera kuulula zonse, osabisa kanthu, ndi kusonyeza kuti anachita chifukwa cha ndale. Kupepesa sikunali lamulo, ndipo izi zimadabwitsa ambiri. Janusz Waluś ndi Clive Derby-Lewis, omwe anapha Chris Hani, mtsogoleri wolimbana ndi tsankho, ku Boksburg mu 1993, anakanizidwa. Apolisi omwe anakhudzidwa ndi imfa ya Steve Biko, mtsogoleri winanso wolimbana ndi tsankho, nawonso anakanizidwa.

Pomwe zinavuta ndi pa chipukutamisozi. Ovutikawo anadikira mpaka 2003 kuti alandire R30,000 kamodzi kokha, ndalama yochepa kuposa yomwe komitiyo inapempha.

Choncho mafumu a m'dera kapena abusa akamayanjanitsa anthu pambuyo pa ziwawa ngati zomwe anachitiridwa anthu obwera ku Alexandra mu 2008, asathamangire kugwiranitsa chanza. Wowotchedwa shopu ayambe wafotokoza yekha zomwe anataya, wolakwa avomere pagulu, kenako agwirizane zobweza katundu ndi tsiku lake.