Ndege yaikulu kuposa zonse sindiyo inapambana msika

Anthu ambiri amakhulupirirabe kuti pa mpikisano wa Boeing ndi Airbus, wopambana ndi amene wapanga ndege yaikulu kwambiri, ya mainjini anayi. Zimene zachitika zikutsutsa zimenezi.

Airbus inaika chiyembekezo chake pa A380, chimphona chosanjikiza chimene Singapore Airlines inayamba kuulutsa mu 2007. Ankaganiza kuti apaulendo azisonkhana m'mabwalo akuluakulu ngati a Dubai ndi London, kenako n'kumagawikana. Boeing inaona mosiyana: inapanga 787, yocheperapo, ya mainjini awiri, yopepuka, yotha kulumikiza mizinda yotalikirana popanda kuima panjira. Inayamba ntchito mu 2011.

Chimphona chinagwa pa nkhani ya mipando. Ndege imamwa mafuta ngakhale mipando ili yopanda anthu, ndipo kupeza apaulendo pafupifupi 500 tsiku ndi tsiku si chinthu chapafupi. Mainjini anayi nawonso amadya ndalama pokonza. Kale ndege za mainjini awiri sizinkaloledwa kutalikira bwalo loti n'kuterapo mwadzidzidzi, koma mainjini atakhala odalirika, malamulo a maulendo ataliatali a ndege zoterezi, otchedwa ETOPS, anazilola kuwoloka nyanja zazikulu. Kwa ine, apa m'pamene nkhani inathera.

Airbus inasiya kupanga A380 mu 2021 itapereka 251 zokha, pafupifupi theka lake kwa kampani ya Emirates ya ku Dubai. Boeing 747 yomaliza, nayonso yaikulu ya mainjini anayi, inaperekedwa mu 2023. Lero zikulimbanadi ndi 787 ndi A350 ya Airbus, ya mainjini awiri, ndipo Ethiopian Airlines, imene ambirife timakwera podzera ku Addis Ababa, ili nazo zonse ziwiri.