Zimene kaufiti amachita pansi pa mzere, ndi amene amazifufuza

Makolo ambiri amadabwa mwana akamaliza digiri ya zaulimi n'kunena kuti akufuna zaka zina ziwiri zoti akaphunzire sayansi ya zomera. Amafunsa kuti chimanga tikuchidziwa, mtedza tikuudziwa, nanga chatsala n'chiyani? Funsoli ndi labwino, ndipo ndiliyankha ndi nkhani ya kaufiti, poti mlimi aliyense wa ku Lilongwe, Kasungu kapena Mchinji amamudziwa.

Kaufiti amene amavutitsa chimanga kuno kwathu ndi wa maluwa ofiira uja, amene akatswiri amamutcha Striga asiatica. Kumadzulo kwa Kenya ndi m'maiko a kumadzulo kwa Africa wofala ndi wina wamkulupo, Striga hermonthica. Palinso m'bale wawo wa maluwa achikasu, Alectra vogelii, amene amagwira khobwe, soya ndi mtedza. Njere za onsewa ndi zazing'ono ngati fumbi. Tsinde limodzi likhoza kubereka njere 50,000 kapena kuposa, ndipo zimakhala m'nthaka zaka zoposa 10 zili zamoyo.

Njere yaing'ono chonchi ilibe chakudya chokwanira. Ikamera imakhala ndi masiku ochepa okha oti ipeze muzu wa chimanga, ndipo muzuwo ukhale pafupi penipeni, apo ayi imafa. N'chifukwa chake mvula payokha siimeretsa kaufiti. Njereyo imayamba yakhala m'chinyezi ndi m'kutentha kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako imadikira chizindikiro: timankhwala tina timene mizu ya chimanga, mapira ndi mawere imatulutsira m'dothi. Ikatimva imamera, imaboola muzu, n'kulumikiza njira yake ya madzi ku njira ya madzi ya chimangacho. Kwa masabata angapo imayamwa ili pansi, osaoneka. Pamene mlimi akuona maluwa ofiira, chimanga chimakhala chitapinimbira kale. Kuzula kumathandizabe, koma kwenikweni kumateteza minda ya zaka za m'tsogolo, bola muzule asanakhwimitse njere.

Timankhwala timeneti tinadziwika koyamba mu 1966. Kaufiti anali atapezeka m'minda ya chimanga ku North Carolina, ku America, cha m'ma 1950, ndipo asayansi a kumeneko anapatula kamodzi ka timankhwalati m'mizu ya thonje n'kukatcha strigol. Chosangalatsa n'chakuti thonje limadzutsa njere za kaufiti koma kaufitiyo sangaliyamwe, ndiye amamera n'kufa ndi njala. Alangizi akamakuuzani kuti muchite kasinthasintha wa chimanga ndi thonje kapena soya m'munda wa kaufiti wofiira, maziko ake ndi amenewa: mbewuzo zimachepetsa njere zimene zabisala m'nthaka.

Koma panatsala funso limene linavuta kwa zaka pafupifupi 40. Chimanga chimatulutsiranji chinthu chimene chimaitana mdani wake? Chomera sichiwononga mphamvu pachabe. Yankho linabwera mu 2005 kuchokera ku Japan, kwa Kohki Akiyama ndi anzake. Iwo anaonetsa kuti timankhwalati, timene onse pamodzi amatitcha strigolactone, cholinga chake n'kuitana tibowa tosaoneka ndi maso timene timakhala m'nthaka. Tibowati timalowa m'mizu n'kutambasula timaulusi tawo kutali kumene muzu sungafike, n'kumabweretsa fosifolasi, ndipo chomera chimatipatsa shuga. Kaufiti amangomvetsera uthenga umene sunali wake. Mu 2008 magulu ena awiri a asayansi anapezanso kuti timankhwala tomweti timalamulira kuchuluka kwa nthambi zimene chomera chimatulutsa.

Apa ndi pamene nkhaniyi imafika m'munda mwanu. Kafukufuku anaonetsa kuti chomera chikasowa fosifolasi, ndiponso nayitrojeni pa mbewu zina, chimatulutsa strigolactone wambiri pofuna thandizo la tibowa tija. Choncho chimanga chanjala chimadzutsa kaufiti wambiri. Alimi anaona kalekale kuti kaufiti amakonda nthaka yoguga, ndipo sanalakwe. Chimene sayansi inawonjezera ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chimasintha malangizo: manyowa ndi feteleza wokulitsa, amene ali ndi fosifolasi, akufunika molawirira, mizu ikadali yanthete. Kudikira wobereketsa yekha n'kuchedwa.

Wophunzira digiri yachiwiri amalowa m'ntchito yoteroyo. Chaka choyamba nthawi zambiri chimapita ku maphunziro a m'kalasi: mmene chomera chimagwirira ntchito mkati mwake, chibadwa cha mbewu, tizamoyo ta m'nthaka, matenda a mbewu, ndi masamu osanthula zotsatira za kafukufuku. Masamuwa ambiri amawaopa, koma ine ndimati ndiwo phata. Popanda iwo simungasiyanitse mbewu yopirira kaufiti ndi mbewu imene inangogwera pa chigawo cha munda chimene chinali ndi njere zochepa. Chaka chachiwiri ndi cha kafukufuku wake. Akhoza kumeretsa mitundu ingapo ya chimanga m'timbale ta mu labotale, kuika njere za kaufiti pafupi ndi mizu, n'kumawerenga pa maikulosikopu kuti zamera zingati ndipo patali bwanji ndi muzu. Kenako mitundu yomweyo amakaidzala m'munda, mobwereza m'zigawo zingapo, kuti aone ngati zimene anaona m'mbale zikuchitikadi m'dothi.

Njira yonga imeneyi ndi imene gulu la Gebisa Ejeta, mbadwa ya ku Ethiopia yophunzitsa pa Purdue University ku America, linagwiritsa ntchito posankha mapira amene sadzutsa kaufiti wambiri. Ejeta analandira mphotho ya World Food Prize mu 2009, ndipo mu 2017 gulu lake linafalitsa za kachigawo ka chibadwa kotchedwa LGS1. Mapira amene kachigawoka sikagwira ntchito sasiya kutulutsa strigolactone, koma amatulutsa mtundu wina umene kaufiti saumva bwino. Ku Kenya, Zeyaur Khan ndi anzake a ku icipe, bungwe lofufuza za tizilombo, ankalimbana ndi kapuchi podzala desmodium, chomera cha m'gulu la nyemba chodyetsa ziweto, pakati pa mizere ya chimanga ndi nsenjere m'mphepete mwa munda. Anazindikira kuti m'minda imeneyo kaufitinso akuchepa, ndipo atafufuza anapeza kuti mizu ya desmodium imatulutsa zinthu zimene zimadzutsa njere komanso zina zimene zimalepheretsa kaufiti kugwira muzu. Munthu wosaphunzitsidwa kufunsa chifukwa akanangoti ndi mwayi.

N'chifukwa chake ndimati ulimi wosamala nthaka sungaime pa malangizo oloweza okha. Onani nkhani ya soya ndi khobwe: zimathandiza pa kaufiti wofiira, koma m'munda umene muli wachikasu uja, kuzibwereza chaka ndi chaka n'kumudyetsa. Mlangizi amene akudziwa chimene chikuchitika pamuzu adzayamba wafunsa mtundu wa maluwa asanapereke yankho.

Kwa amene akuganiza za maphunzirowa, malo alipo. Ku Bunda, pansi pa LUANAR, kuli maphunziro a digiri yachiwiri a zaulimi, ndipo kafukufuku wa m'munda amachitikanso ku Chitedze, Bvumbwe ndi Makoka. RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa umene likulu lake lili ku Kampala, wakhala ukuthandiza ophunzira ndi ndalama za kafukufuku. Ku University of KwaZulu-Natal, ku South Africa, kuli African Centre for Crop Improvement, kumene ophunzira a PhD amabwerera kwawo kukachita kafukufuku pa mbewu ndi nthaka ya dziko lawo. Dongosolo limeneli ndimagwirizana nalo kwambiri, chifukwa mbewu yosankhidwa pa dothi la kwina imatha kukhumudwitsa ikafika pa dothi lamchenga la kwathu.

Musanasankhe sukulu, sankhani funso, ndipo mulipeze kwa alimi. Kenako funani mphunzitsi amene akugwiradi ntchito pa funsolo ndipo ali ndi nthawi yowerenga zimene mwalemba. Pa kaufiti pokha mafunso ndi ambiri. Kafukufuku wochuluka wa mu Africa wachitika pa Striga hermonthica, pamene wathu ndi asiatica, ndiye chilichonse chochokera ku Kenya kapena ku Nigeria chiyenera kuyesedwanso kuno. Mitundu ya chimanga chamakolo imene anthu akusungabe m'nkhokwe ikufunika kuyezedwa kuti tione ngati ilipo imene imadzutsa kaufiti wochepa. Pakufunikanso kuyesa ngati nandolo ndi mtedza wodzalidwa pamodzi, chimanga n'kubwera chaka chotsatira, zingachite ntchito ya desmodium kwa mlimi wa ekala imodzi amene sangapatule malo a mbewu yosadyedwa.

Vuto limodzi muyenera kulidziwiratu. Kuno mvula imagwa nyengo imodzi pachaka, ndipo zotsatira za chaka chimodzi sizokwanira, makamaka chikakhala cha ng'amba. Wophunzira wa zaka ziwiri amene wadikira kumaliza za m'kalasi asanadzale amakhala ndi dzinja limodzi lokha. Kambiranani ndi aphunzitsi anu kuti munda woyeserera ukhale wokonzeka mvula yoyamba isanagwe m'chaka choyamba chomwecho, ndipo funsiranitu ngati ndalama za kafukufuku zikukwanira madzinja awiri.