Fupa la m'chiuno likathyoka mwa okalamba: opaleshoni imasiyana, koma isachedwe

Agogo aterereka n'kugwa, ndipo akulephera kudzuka. Akudandaula ululu m'mphechepeche, mwendo umodzi wafupika, phazi lagwera kunja. Musawaimiritse, musawathowe, musawakoke mwendowo. Thamangirani nawo kuchipatala akajambulidwe, chifukwa zimenezi ndi zizindikiro zakuti fupa la ntchafu lathyoka pamene lalumikizana ndi chiuno. Mafupa akafooka ndi ukalamba, makamaka mwa amayi, kungogwa m'nyumba n'kokwanira.

Opaleshoni imatengera pamene fupa lathyokera. Likathyokera pakhosi pake n'kusuntha, mitsempha yopereka magazi kumutu wa fupalo imaduka, choncho madokotala amachotsa mutuwo n'kuikapo wachitsulo. Nthawi zina amasinthanso mphako yomwe mutuwo umalowamo. Likathyokera cham'munsi pang'ono, amalilumikiza ndi zitsulo.

Komabe kuthyoka kofanana sikuthandizidwa mofanana kulikonse. Fupa likathyokera cham'munsi, ku United States madokotala ambiri amalowetsa msomali wautali m'kati mwa fupa, pamene ku Britain bungwe lopereka malangizo a zaumoyo la NICE limalangiza kuti pamene fupa silinaphwanyike kwambiri aziika chitsulo chomangira m'mbali mwake. Ku Norway ndi Sweden kale ankakonda kulumikiza khosi la fupa ndi misomali, koma ataona kuti odwala ambiri akubwereranso ku opaleshoni, anayamba kusintha mutuwo. Kusiyanaku kumabwera ndi maphunziro a dokotala, zipangizo zomwe zilipo, ndiponso ndalama. Kumene madokotala a mafupa ndi ochepa, odwala ena amagonekedwa milungu ingapo mwendo utakokedwa ndi zolemera.

Chotidetsa nkhawa kwambiri ndi kugonako. Wokalamba akakhalitsa pabedi amadwala chibayo, amatuluka zilonda kumsana ndi kuzidendene, magazi amaundana m'miyendo, mutu umasokonekera. Mwa okalamba 100 othyoka motere, pakati pa 20 ndi 30 amamwalira chaka chisanathe. N'chifukwa chake NICE imati opaleshoni ichitike tsiku lomwe wodwala wafika kapena mawa lake, ndipo tsiku lotsatira opaleshoniyo wodwalayo ayambe kudzuka mothandizidwa.

Inu owasamalira, funsani mosaopa: fupa lathyokera pati? Opaleshoni ichitika liti, ndipo ngati ikuchedwa, chikuchedwetsa n'chiyani? Ngati pano singatheke, angatumizidwe kuti? Musaiwale kutenga mankhwala onse amene agogo amamwa, makamaka ochepetsa kuundana kwa magazi, kuti adokotala awaone asanakonze tsiku.