Nyenyezi zikakana kumvera masamu

Usiku wa mu June kuno ku Angónia, mukatalikira magetsi a ku Ulongwe, mlalang'amba wathu umaoneka bwino, mzere woyera wodula thambo pakati. Nyenyezi zimenezo zikuzungulira pakati pa mlalang'ambawo, ndipo liwiro lake ndi limene lasowetsa mtendere ife a fizikisi.

Masamu a Newton amati nyenyezi zakumphepete ziziyenda mochedwa kuposa zamkati. Koma m'ma 1970 Vera Rubin ndi Kent Ford atayeza Andromeda ndi milalang'amba ina, anapeza zakumphepetezo zikuthamanga mofanana ndi zinzake. Pa liwiro lotero zikanamwazikana kalekale. Ndiye chikuzigwira n'chiyani?

Ambiri amati kuli zinthu zosaoneka, dark matter, zimene zikukoka nawo. Ena amati ayi, lamulo la mphamvu yokoka ndi limene laperewera.

Musafulumire kuwaseka achiwiriwa. Pulaneti la Uranus litayenda mokhota, Urbain Le Verrier anati kuli lina losaoneka, ndipo Neptune anapezekadi mu 1846. Pa Mercury anayesanso zomwezo, natchula pulaneti Vulcan, koma kunalibe. Anathetsa nkhaniyo ndi Einstein mu 1915 posintha lamulo lenilenilo: chinthu cholemera chimapinda danga ndi nthawi. Anthu anayi akunge chitenje, muike dzungu pakati, kenako mugubuduze ndimu. Ndimuyo ikhotera ku dzungu popanda chingwe choikoka: chitenje ndiye danga, dzungu ndiye dzuwa, ndimu ndiye pulaneti.

Mu 1983 Mordehai Milgrom anabwera ndi mfundo yosintha lamulolo yotchedwa MOND, yonena kuti kumene kukoka kwafooka kwambiri, mphamvuyo sichepa msanga ndi kutalika kwa mtunda monga Newton ananenera. Pa mlalang'amba umodziumodzi imalosera bwino modabwitsa, zimenezo sindingakane. Jacob Bekenstein anailumikiza ndi masamu a kupindika kwa danga mu 2004, naitcha TeVeS.

Mavuto amayamba milalang'amba ikakhala m'magulu. Pa Bullet Cluster, pamene magulu awiri anawombana, zinaoneka mu 2006 kuti kuwala kukupindika kwambiri pamalo ena, osati pamene pali mpweya wotentha, chonsecho mpweyawo ndi umene uli wochuluka pa zinthu zooneka. Popeza kuwala kumapindika pamene pali zinthu zolemera, izi zikusonyeza kuti pali zolemera zina zosaoneka. Kenako mu August 2017 mafunde a mphamvu yokoka (kugwedezeka kwa danga lenilenilo) ndi kuwala zochokera ku nyenyezi ziwiri zowombana zinafika kuno mosiyana masekondi osakwana 2, zitayenda zaka pafupifupi 130 miliyoni. Malingaliro ambiri osintha lamulo la mphamvu yokoka, onena kuti ziwirizi zimasiyana liwiro, anagwera pomwepo.

Ine ndimapendekera ku dark matter, ngakhale makina okwiriridwa pansi pa phiri la Gran Sasso ku Italy akuisakabe osaigwira.